Mpeni m'chikwama cha sukulu: mwana akaopa amauza ndani?

Mu Okutobala 2015, pa sukulu ina ya sekondale mumzinda wa Aberdeen ku Scotland, anyamata awiri a zaka 16 anayambana pa nthawi yopuma masana. Gwero la mkanganowo linali bisiketi. Panatuluka mawu achipongwe, wina mpaka anatchulirapo mayi a mnzake, kenako zibakera zinayamba monga zimayambira pa sukulu iliyonse pansi pano. Chosiyana n'chakuti mmodzi wa awiriwo anali ndi mpeni m'thumba, womwe anagula pa intaneti. Anabaya kamodzi kokha. Mpeniwo unafika pamtima ndipo mnzakeyo anamwalira tsiku lomwelo. Khoti linalamula kuti wobayayo atsekeredwe zaka 9.

Chaka chotsatira, kafukufuku wapadera wa imfayi anatulutsa mfundo imene ine imandikhalabe m'mutu. Ndewuyo palibe akanailosera, koma imfayo ikanatha kupeweka anthu amene ankadziwa kuti mnyamatayu amayenda ndi zida akanauza aphunzitsi. Ana anzake ankadziwa, ena anali atauonapo mpeniwo ndi maso awo. Amene sankadziwa ndi akuluakulu.

Nkhani yotere ikamveka, chala chimaloza kunyumba msangamsanga: makolo ake anali kuti, analera bwanji mwana ameneyu? Funsoli silolakwika, pajatu nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Koma ambiri akamafunsa choncho amakhala ali kale ndi yankho m'kamwa, loti ana a masiku ano akusowa chikwapu. Zimene akatswiri apeza pa zaka zambiri zikuloza kwina. Mphamvu yaikulu ya kholo pa nkhaniyi siili m'dzanja lokwapula kapena m'diso losecha chikwama. Ili pa funso loti, mwana akachita mantha kapena akaona choopsa, kodi amathamangira kwa ndani?

Chimene chimaika mpeni m'chikwama

Ana amene agwidwa ndi mpeni akafunsidwa chifukwa, yankho lomwe limabwera kawirikawiri ndi loti "ndimafuna kudziteteza." Akuluakulu timakonda kulitaya yankholi ngati bodza la wogwidwa. Nthawi zina ndi bodzadi. Koma nthawi zambiri mwanayo akunena zoona monga momwe iye akuzionera. Pali mnyamata wamkulu amene amamudikirira panjira poweruka. Anamulandapo foni. Anamuuza kuti mawa aona. Mwanayo wagona usiku wonse maso ali gwa, akulingalira njira zitatu: kuuza aphunzitsi n'kutchedwa kazitape, kuuza makolo n'kutchedwa wamantha, kapena kutsegula kabati ya kukhitchini m'mawa anthu asanadzuke. Njira yachitatuyi ndi yokhayo imene siimuchititsa manyazi.

Apa ndi pamene vutoli limasanduka ngati matenda opatsirana. Mwana mmodzi akanyamula mpeni, mphekesera imayenda. Wachiwiri akamva kuti uje ali nawo, nayenso amanyamula. Wachitatu sanaonepo mpeni uliwonse, wangomva kuti "aliyense ali nawo," ndipo sakufuna kukhala yekha wopanda kanthu. Chiwerengero chenicheni cha ana onyamula mipeni chimakhala chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene ana okhaokhawo amaganiza, koma chimene chimayendetsa mwana ndi chimene akukhulupirira. N'chifukwa chake akatswiri ena amakayikira zikwangwani zoonetsa milu ya mipeni yolandidwa ndi apolisi. Wamkulu akaona chithunzi chotero amati boma likugwira ntchito. Mwana wamantha akaona chomwecho amati, kani mipeni ilipo yambiri chonchi, ndiye ine ndiyende chimanjamanja?

Palinso amene amanyamula pofuna ulemu. Mnyamata amene m'kalasi sakhoza, pa mpira samusankha, kunyumba samuyamikira, amatha kupeza kuti akangotsegula chikwama pang'ono anzake n'kuona chitsulo chikung'anima, onse amamupatsa njira. Ulemu wa mantha umenewo kwa iye ndi wokoma kuposa kusaoneka n'komwe. Ena amasungitsidwa mpeni ndi achikulire a m'magulu ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, poti mwana wa yunifomu sakayikiridwa msanga, ndipo akagwidwa chilango chake chimachepa. Ku Britain mchitidwe wotuma ana kukagulitsa mankhwala m'matauni ang'onoang'ono ndi wodziwika kwambiri, ndipo apolisi ndi a zachisamaliro cha ana anayamba kuwaona ana oterewa ngati ogwiritsidwa ntchito mwankhanza, osangoti zigawenga. Ndiye pali gulu lina lomwe timaliiwala: mwana, kawirikawiri wachete, amene lumo kapena kampeni kali m'chikwama kuti adzicheke yekha. Ameneyu sakuopseza munthu, ali pamavuto a mumtima, ndipo kumuchitira ngati chigawenga ndi kumukankhira kuphompho.

Mpeni suteteza

Mwana amaganiza kuti akangoutulutsa, mdani athawa. Koma ndewu ya zibakera imakhala ndi malire ake: wina akagwa kapena akatuluka magazi m'mphuno, anzawo amaleretsa. Mpeni ukatuluka malirewo atha. Winayo amaona kuti moyo wake uli pachiswe, amalimbana ndi mphamvu zonse, ndipo si zachilendo kuti mwini mpeni abayidwe ndi mpeni wake womwe. Kafukufuku wosiyanasiyana amapeza chinthu chimodzimodzi: ana onyamula zida ndi ana ovulazidwa ndi zida nthawi zambiri ndi ana omwewo.

Pali bodza lina lomwe limayenda pakati pa achinyamata, loti pali malo "abwino" obaya munthu kuti angomva ululu koma asafe, monga pantchafu kapena paphewa. Madokotala ochita opaleshoni amalitsutsa bodzali mosabisa. M'ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi, ukadulidwa munthu amatha kufa m'mphindi zochepa ambulansi isanafike. Pansi pa phewa ndi kukhwapa kulinso mitsempha ikuluikulu. Bala looneka laling'ono kunja limatha kukhala litaboola mapapo kapena chiwindi. Palibe mwana wa zaka 15, ali pakati pa ndewu, dzanja likunjenjemera, amene angayeze kuti mpeni ulowe mpaka pati.

Tiwonjezerepo za ubongo. Mbali ya kutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuona zotsatira za chinthu asanachichite, imamaliza kukhwima munthu atapitirira zaka 20. Mbali zomva mkwiyo, manyazi ndi kufuna kutamandidwa zimakhala zitayaka kale moto mwana akangotha msinkhu. Mu 2005, akatswiri a zamaganizo Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anayesa anthu pa masewera a pakompyuta oyendetsa galimoto, pomwe munthu amasankha kuima kapena kupitirira nyali ya pamsewu ikasintha. Achinyamata akamasewera okha ankasamala ndithu. Akaikidwa anzawo pambali kuti azionerera, ankachita zoika moyo pachiswe kwambiri, pomwe akuluakulu sankasintha kwenikweni. Tsono taganizirani bwalo la sukulu, ana makumi atatu azungulira, ena akujambula pafoni, wina wangotukwana mayi ako. Mnyamata amene m'mawa analumbira mumtima kuti mpeniwu ndi wongoopsezera, masana sakhalanso munthu yemwe uja.

Ngakhale nthawi ya tsiku imanena kanthu. Madokotala a pa chipatala cha Royal London anaunika achinyamata obayidwa amene anafika kwa iwo pa zaka 11, ndipo mu 2018 anafalitsa zoti ana osakwana zaka 16 ankabayidwa kwambiri pakati pa 4 koloko ndi 6 koloko madzulo pa masiku a sukulu. Imeneyi ndi nthawi imene mwana wachoka m'manja mwa mphunzitsi koma sanafike m'manja mwa kholo.

Nanga mpeniwo umachokera kuti? Manyuzipepala amakonda zithunzi za zikwanje zoopsa zamano ngati sowo, ndipo dziko la England linaletsa mtundu wina wa zikwanje zotere mu Seputembala 2024. Kumeneko kugulitsa mpeni kwa munthu wosakwana zaka 18 ndi mlandu, ndipo kupezeka ndi mpeni pa malo a sukulu popanda chifukwa chomveka kungamangitse munthu mpaka zaka 4. Koma ziwerengero za boma la komweko zimasonyeza kuti pa imfa zobayidwa, mpeni umene umapezeka kwambiri ndi wa kukhitchini. Kale mu 2005 madokotala atatu a ku London analemba m'magazini ya zachipatala kupempha kuti mipeni italiitali ya kukhitchini isamakhale ndi nsonga, poti pophika nsongayo siifunika kwenikweni. Ena anawaseka, koma lero mipeni yopanda nsonga ikugulitsidwa. Mfundo yake kwa kholo ndi yosavuta: lamulo lingatseke masitolo onse, koma kabati ya m'nyumba mwanu lamulo silingaitseke.

Kholo limadziwa bwanji za mwana wake

Kwa zaka zambiri akatswiri ankanena kuti ana amene makolo awo amadziwa kumene ali, amene ali nawo ndi zimene akuchita, salowa kwambiri m'mavuto. Zimenezi n'zoona. Uphungu umene unkatsatira unali woti makolo azilondalonda ana, azifunsa, azisecha. Mu 2000, akatswiri awiri a ku Sweden, Håkan Stattin ndi Margaret Kerr, anafunsa funso limene ena onse analidumpha: kodi makolo odziwawo anadziwa bwanji? Atafufuza ana oposa 700 a zaka 14 ndi makolo awo, anapeza kuti zambiri zimene kholo limadziwa sizichokera ku mafunso ake kapena malamulo ake. Zimachokera kwa mwanayo, amene amangofotokoza yekha mwa kufuna kwake. Ndipo kufotokoza mwaufulu kumeneku ndi kumene kunkagwirizana kwambiri ndi khalidwe labwino.

Kwa ine apa ndiye pagona nkhani. Kholo lingathe kusecha chikwama m'mawa uliwonse, mwana n'kumabisa mpeni m'tchire la panjira kapena kusungitsa kwa mnzake. Lingathe kutenga foni n'kuwerenga mauthenga, mwana n'kutsegula akaunti ina. Wachinyamata akafuna kubisa, amabisa. Chimene sichingabisike ndi chimene iye mwini wasankha kunena, ndipo amasankha potengera zimene zinachitika ulendo watha pamene ananena zoona.

Tiyerekeze mwana wa zaka 9 wabwera kunyumba malaya atang'ambika, akulira. Bambo ake ayang'ana n'kunena kuti, "Iwe, mwamuna salira. Ukabweranso kuno atakumenya, ndikuwonjezera ineyo. Ukabwezere." Bambowa sakufuna zoipa, akufuna mwana wolimba mtima. Koma mwanayo waphunzira zinthu ziwiri tsiku limenelo. Choyamba, mantha ake asamabwere nawo kunyumba. Chachiwiri, vuto la kusukulu ndi lake yekha, alithetse ndi mphamvu. Pa zaka 9 mphamvu zake ndi chibakera. Pa zaka 15, amene akumuopseza ndi anyamata anayi akuluakulu, chibakera sichikwanira, ndipo phunziro lija likadalipo.

Kholo lina limalakwitsa mbali inayo. Mwana akangoti pali amene akumuvutitsa, mayi amanyamuka nthawi yomweyo kupita kusukulu, kukakalipa pamaso pa kalasi yonse. Mawa lake mwanayo ndiye choseketsa cha sukulu, ndipo omuvutitsa aja awonjezera moto. Nayenso waphunzira kuti kuuza amayi kumakulitsa vuto.

M'zaka za m'ma 1960, katswiri wa zamaganizo Diana Baumrind anasiyanitsa kaleredwe ka mitundu ingapo. Pali kholo lolamula mwankhanza, lomwe mawu ake ndi lamulo ndipo mwana safunsa chifukwa. Pali lolekerera, lachikondi koma lopanda malire. Ndipo pali lomwe limaphatikiza ziwiri: malire omveka, osasunthika, koma pamodzi ndi kufunda ndi kumvetsera. Mu 1983 akatswiri ena anawonjezerapo mtundu wachinayi, kholo lomwe lilibe malire komanso lilibe chidwi. Kafukufuku wochuluka wapeza kuti ana a makolo a mtundu wachitatu uja ndiwo amachita bwino pa zambiri. Anthu ena akamva zoti "mverani mwana" amaganiza kuti akuuzidwa kuti alekerere. Ayi ndithu. Lamulo loti m'nyumba muno palibe wotuluka ndi mpeni liyenera kunenedwa momveka, ndipo lisakhale lokambirana. Nkhani ndi yoti lamulolo lichokere pakamwa pa munthu amene mwana angamuuzenso kuti "ndikuopa."

Katswiri wa zamaganizo Gerald Patterson wa ku Oregon ku America anakhala zaka zambiri akuonerera mabanja m'nyumba zawo, ndipo anafotokoza kachizolowezi kamene makolo ambiri angakazindikire. Mayi auza mwana kuti asiye foni. Mwana akuwa. Mayi akweza mawu. Mwana amenyetsa chitseko. Mayi, atatopa, angomusiya. Onse awiri apumula, koma mwanayo waphunzira kuti ukakweza ukali mnzako amagonja. Tsiku lina mayi ndiye apambana pomuwomba khofi, ndipo phunziro ndi lomwelo, kungoti wopambana wasintha. Zikachitika kambirimbiri, mwana amapita kusukulu akudziwa njira imodzi yokha yothetsera kusamvana. Ana odekha amamuthawa, amatsala ndi anzake aukali ngati iye, ndipo pofika zaka 14 gulu lake lapangika kale. M'mera mpoyamba, akulu anatero, ndipo apa sayansi ikungovomereza.

Za chikwapu ndinene mosazungulira, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri sizikawakomera. Mu 2016, akatswiri Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anaphatikiza kafukufuku wa zaka 50 wokhudza ana oposa 160,000. Anapeza kuti kumenya mwana sikugwirizana ndi kumvera kokhalitsa, koma kumagwirizana ndi ukali wochuluka, khalidwe losokoneza ndi ubale wofooka pakati pa mwana ndi kholo. Wina adzati, "ine anandikwapula koma ndinakula bwino." Mwina n'zoona. Koma funso la nkhani ino ndi lina: kodi munkawauza zonse amene ankakukwapulaniwo? Ambirife tinkangophunzira kubisa mwaluso.

Pamene m'nyumba muli nkhanza zenizeni, chithunzi chimada kwambiri. Ku Wales mu 2015, bungwe la zaumoyo la dzikolo linafunsa akuluakulu pafupifupi 2,000 za ubwana wawo: kumenyedwa, kugwiriridwa, kuona makolo akumenyana, kukula ndi kholo lachidakwa kapena lomangidwa, ndi zina zotero. Amene anakumana ndi zinthu zinayi kapena kuposerapo anali ndi mpata wochuluka ka 15 wokhala atachitira wina nkhanza m'chaka chapitacho, ndiponso ka 14 wokhala atachitiridwa nkhanza, poyerekeza ndi amene sanakumane nazo. Mwana wokulira m'nyumba yotere thupi lake limakhala tcheru nthawi zonse. Mnzake akamugunda mwangozi pakhomo la kalasi, iye amaona chiwembu.

Pamene chala chiyenera kutsika

Zonsezi sizikutanthauza kuti mwana aliyense wogwidwa ndi mpeni wachokera ku banja loipa. Pali makolo achikondi, olimbikira, amene anachita zonse zimene akanatha, koma mwana wawo amadutsa tsiku ndi tsiku m'dera lomwe magulu achiwawa amalamulira. Mayi amene amagwira ntchito ziwiri kuti ana adye sangakhale pakhomo 4 koloko madzulo, ndipo kumunena kuti ndi wosasamala ndi nkhanza chabe. Umphawi, kusowa kwa malo amene achinyamata angapite akaweruka, ndi sukulu yomwe imanyalanyaza kupezerera, zonsezi zimakankha mwana, ndipo kholo silingazigonjetse lokha. Nkhani ya "mabanja opanda bambo" nayo imakokomezedwa. Chimene chimavulaza mwana kwambiri ndi mikangano, nkhanza ndi kusowa womusamala. Nyumba ya kholo limodzi yamtendere imaposa ya makolo awiri omenyana usiku uliwonse.

Katswiri wa zamaganizo Emmy Werner anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atakula. Mwa ana amene anabadwira m'mavuto aakulu, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anakula bwinobwino. Chimodzi mwa zinthu zimene ana amenewa anali nacho ndi munthu wamkulu mmodzi amene ankawaganizira, ndipo sikuti nthawi zonse anali kholo. Ena anali agogo, ena mphunzitsi, ena woyandikana naye nyumba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pa nkhani ya mipeni mawuwa ali ndi ntchito yeniyeni: nthawi zina mwana amene sangauze mayi ake amatha kuuza mayi a mnzake.

Mayiko ena ayesa kumanga makolo. Mu 2024, khoti la ku Michigan ku America linapeza makolo awiri olakwa pa imfa za ana anayi amene mwana wawo anawombera pa sukulu mu 2021, ndipo aliyense anapatsidwa zaka 10 mpaka 15. Koma kumeneko makolowo ndi amene anamugulira mfuti, ndipo m'mawa wa tsikulo anaitanidwa kusukulu n'kuonetsedwa zojambula zoopsa za mwanayo, koma anamusiya komweko. Umenewo ndi mlandu wa kunyalanyaza chenjezo looneka ndi maso. Kuutenga ngati chitsanzo cholangira kholo lililonse lomwe mwana wake wabisa mpeni kungangopangitsa makolo kubisa nawo.

Zimene sukulu zayesa

Chinthu choyamba chimene anthu amapempha pakachitika ngozi ndi makina ozindikira zitsulo pachipata. Amaoneka bwino ndipo amatonthoza makolo, koma umboni woti amachepetsa chiwawa ndi wofooka, komanso sateteza mwana panjira yopita kwawo. Mu Juni 2025, m'tauni ya Nogent ku France, mwana wa zaka 14 anabaya ndi kupha mayi wothandizira kuyang'anira ana pa chipata cha sukulu, pa nthawi yomwe apolisi anali pomwepo akusecha zikwama.

Chachiwiri ndi kuchotsa sukulu. Palibe angatsutse kuti mwana amene waopseza anzake ndi mpeni ayenera kupatulidwa kaye, ana enawo nawo ali ndi ufulu wophunzira mopanda mantha. Vuto ndi chimene chimatsatira. Ku Edinburgh ku Scotland, akatswiri anatsatira ana pafupifupi 4,300 amene anayamba sekondale mu 1998, ndipo anapeza kuti kuchotsedwa sukulu ali aang'ono chinali chimodzi mwa zizindikiro zamphamvu zoti mwana adzafika kundende. Mwana wochotsedwa sasowa, amangosamukira mumsewu, kumene amene akumudikirira ndi omwe aja osungitsa mipeni. Ku America, bungwe la akatswiri a zamaganizo linaunika mu 2008 ndondomeko zochotsa mwana popanda kumva mbali yake, ndipo silinapeze umboni woti zimachititsa sukulu kukhala zotetezeka. Njira yotengera ana ovuta kundende kuti akaidi akawaopseze, yomwe inatchuka ku New Jersey m'ma 1970, itayesedwa bwinobwino inapezeka kuti ana opitako ankapalamula kwambiri kuposa amene sanapiteko.

Kumene kwaoneka kusintha ndi kumene anasiya kufunsa kuti "timulange bwanji" kokha n'kuyamba kufunsanso kuti "zinayamba bwanji." Mu 2005 apolisi a ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland womwe unkadziwika ku Ulaya konse ndi kubayana, anakhazikitsa nthambi yapadera yochepetsa chiwawa motsogozedwa ndi John Carnochan ndi Karyn McCluskey. Anatenga chiwawa ngati mliri wofunika kupewa. Sanafewetse malamulo, zilango za kunyamula mpeni zinakwera. Koma anabweretsanso madokotala m'makalasi, anathandiza anyamata a m'magulu kupeza ntchito, ndipo mzindawo unachepetsa kwambiri kuchotsa ana sukulu. M'chaka cha 2004 mpaka 2005 ku Scotland kunaphedwa anthu 137, ndipo patapita zaka zoposa khumi chiwerengerocho chinali chitatsika kupitirira theka. Sizonse zimene zingatamandidwe pa nthambiyo, poti zinthu zina zinkasinthanso nthawi yomweyo, koma London inaona kuti n'zoyenera kutengera ndipo inatsegula nthambi yake. Ku Chicago, pulogalamu yophunzitsa anyamata a sekondale kudekha kaye asanachite kanthu akapsa mtima inachepetsa pafupifupi ndi theka kumangidwa pa milandu yachiwawa pa nthawi imene anyamatawo anali m'pulogalamuyo. Nalo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, pa njira zisanu ndi ziwiri zothetsera nkhanza kwa ana zimene linatulutsa ndi mabungwe anzake mu 2016, linaikapo kuthandiza makolo pa kaleredwe. Mawu ake ndi kuthandiza, poti kholo lotopa ndi lamantha silisintha chifukwa chonyozedwa.

Tsiku limene mwaupeza

Zizindikiro zilipo, ngakhale palibe chimodzi chomwe pachokha chimatsimikizira kanthu. Mpeni wasowa kukhitchini. Mwana wasintha njira yopitira kusukulu, kapena akudwala mutu Lolemba lililonse. Chikwama chomwe ankachiponya paliponse tsopano akugona nacho. Ali ndi nsapato zatsopano kapena foni yachiwiri zomwe simunagule. Anzake akale sakubweranso, atsopanowo ndi akuluakulu ndipo sakutchulidwa maina.

Ndiye tsiku lina mukuchapa, mwaupeza, wokulungidwa m'sokosi pansi pa mabuku. Mtima umathamanga, ndipo chimene chimabwera pakamwa ndi kukuwa. Mpeniwo uchotseni, umenewo sabweza ndipo sipakhala kukambirana. Koma mawu oyamba ndi amene amatsegula kapena kutseka pakamwa pa mwana. "Ukufuna kupha ndani, chigawenga iwe?" ndi funso lomwe yankho lake ndi chete. Mayi wina angadikire mpaka madzulo, ana ena atagona, n'kukhala naye pansi.

"Mwanangu, ndapeza ichi m'chikwama mwako. Ndachita mantha kwambiri. Sindikubwezera, ndipo za chilango tikambirana. Koma choyamba undiuze, ukuopa ndani?"

"Palibe, amayi. Ndi wa mnzanga."

"Chabwino. Nanga mnzakoyo akuopa ndani?"

Mwina sayankha usiku umenewo. Achinyamata ambiri amamasuka pamene simukuyang'anana maso ndi maso, mukuyenda limodzi kapena manja ali pa ntchito ina. Akayamba kulankhula, musalonjeze kuti simuuza munthu, poti ngati pali amene akumuopseza kapena kumusungitsa zida, sukulu iyenera kudziwa, mwinanso apolisi kapena a zachisamaliro cha ana. Chimene mungalonjeze n'chakuti simuchita kanthu mwamseri, ndipo mugwirizana naye za amene auzidwe ndi mmene auzidwire kuti dzina lake lisamveke pabwalo la sukulu. Ngati mwaona mabala odzicheka pamikono, kumene muyenera kuyamba ndi kuchipatala kapena kwa mlangizi, osati ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

Palinso funso limene kholo lililonse lingafunse ngakhale mwana wake sanagwirepo mpeni: "Mnzako atabwera ndi mpeni kusukulu, ungatani?" Ambiri adzayankha kuti sangaulule, poti kuulula ndi kugulitsa mnzako. Musamukalipire, yankholo ndi loona mtima, ndipo ndi lomwe ana a ku Aberdeen aja anali nalo m'mitima. Mufunseni kuti ndi mphunzitsi uti amene amamukhulupirira kuti sangamutchule dzina. Ngati palibe, muuzeni kuti abwere kwa inu, ndipo inuyo mukanena kusukulu ngati nkhani imene mwaimva kwa makolo anzanu.